"Ndikayetsemula ndimadzinyowetsa": Agogo ayankha mayi wachitsikana

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wa zaka 24 wa ku Ndirande. Dzina wandiletsa kutchula. Akuti:

"Agogo, ndinachira mwana wanga woyamba miyezi isanu yapitayo. Chichirireni, ndikatsokomola, kuyetsemula kapena kuseka kwambiri, mkodzo umatuluka wokha. Si wambiri, koma chovala chamkati chimanyowa. Kukwaya ndinasiya. Mu minibasi ndimachita kupemphera kuti tisagunde bampu. Madzi ndikumwa ochepa dala. Apongozi anga, amene anandiona ndikuchapa pafupipafupi, akuti ndinalumpha mwambo wa chikuta. Mnzanga akuti andipezera mankhwala oika kumusi. Bambo a mwana sindinawauze. Kodi ndalodzedwa, kapena ndiye ndatha basi?"

Mdzukulu wanga, khala pansi kaye, mwanayo umupatse bere, timvane. Sunalodzedwe, ndipo sunathe.

Ine amene ndikukuyankhane zinandigwera nditabereka mwana wachitatu. Kunali ukwati kumudzi, ng'oma ya chimtali itakolera, ine n'kulowa m'bwalo ndi chitenje chatsopano. Ndinaponda kamodzi, kawiri, kachitatu ndinangomva kutentha kukutsika m'ntchafu. Ndinatuluka monamizira kuti mwana akulira, pomwe mwanayo anali mtulo kumsana kwa mchemwali wanga. Ndinakhala chete zaka ziwiri. Nsanza zanga ndinkakachapa kudambo mbandakucha kuti asandione munthu. Tsiku lina ndinapezako mayi wina, mkazi wolemekezeka ndithu, naye akuchapa zake mobisa. Tinayang'anana, tinaseka, ndipo kusekako kunatinyowetsa tonse awiri. Pofufuzana tinapeza kuti m'mudzi momwemo tinalipo angapo, aliyense akuyesa kuti ali yekha.

Lero achipatala amati m'miyezi itatu yoyamba atabereka, pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse amadontha mkodzo. Ukapita kusikelo ukawerenge anzako pabenchi: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kwa ambiri zimachepa chaka chisanathe, koma kwa ena zimakhalirira ngati sachitapo kanthu.

Chimene chachitika m'thupi mwako ndi ichi. Chikhodzodzo ndi thumba losunga mkodzo, pafupifupi theka la lita likadzaza. Kunsi kwake kuli minofu yoyalidwa kuchokera pafupa la pachinena mpaka pakafupa ka kumapeto kwa msana. Minofu imeneyi imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lomaliza monga momwe chitenje chimanyamulira mwana kumsana, ndipo imathandiza kutseka kanjira ka mkodzo. Miyezi isanu ndi inayi yasenza mwana wa makilogalamu atatu, madzi ake ndi nsengwa. Kenako mutu wadutsa pomwepo. Chitenje chija chakhwefuka. Ukatsokomola, mimba imakankha chikhodzodzo mwadzidzidzi, pansi palibe chogwira mwamphamvu, madontho n'kuthawa, ngati mpopi wotha labala. Amene anang'ambika kwambiri pobereka, amene anabereka mwana wamkulu kapena amene anachedwa pokankha, zimawavuta koposa. Ngakhale wochira pa opaleshoni zimatha kumugwira, chifukwa naye mimba anaisenza.

Tsono pano ndidzudzule gulu langa lomwe. Ife anankungwi kutsimba tinakuphunzitsani zambiri: kulemekeza akulu, kudzisamalira pa nthawi ya kumwezi, kugwedeza chiuno kuti banja likome. Chiuno tinachitayira masiku. Koma minofu ya mkatiyi, imene imamusunga mkazi wouma mpaka ukalamba, sitinaitchule n'komwe. Sitinkaidziwa. Chimene tinkadziwa ndi chakuti "mkazi amapirira", ndipo mawu amenewa agoneka akazi ambiri pamphasa yonyowa. Kupirira njala kapena maliro n'kwina. Kupirira chinthu chochizika ndi kudzizunza chabe.

Minofu imalimba ukamaigwiritsa ntchito, monga mkono wa munthu wosinja. Dokotala wina wa ku America, Arnold Kegel, analemba za kulimbitsa minofu imeneyi mu 1948, n'chifukwa chake ukamva anamwino akunena za "ma Kegel" usadabwe. Machitidwe ake ndi otere. Gona chagada pamphasa, mawondo uwapinde. Yerekeza kuti uli pakati pa apongozi ndi abusa ndipo ukufuna kuphwisa, koma sukuyenera. Kugwira kumene wagwirako, phatikiza ndi kugwira kwa munthu woletsa mkodzo, ukokere zonse m'kati ndi m'mwamba. Matako asaume, ntchafu zisapanane, mimba usaikunge, ndipo uzipuma bwinobwino. Werenga mpaka katatu kapena kasanu, kenako umasule kwathunthu, upume nthawi yofanana. Kumasulako n'kofunika ngati kugwirako. Chita zimenezi ka 8 mpaka ka 10, katatu patsiku. Masabata akamapita uziwonjezera mpaka uzifika pa 10 powerenga, ndipo pomaliza uzichita tina tachangu, gwira-siya, gwira-siya. Ukazolowera uzichita utakhala, kenako utaimirira.

Ukakayika ngati ukugwira malo oyenera, samba m'manja, ulowetse chala kunjira yoberekera. Ukagwira bwino umva chalacho chikupanidwa ndi kukokeka pang'ono. Ukamva ngati chikukankhidwira kunja, ndiye kuti ukuchita chosemphana, siya ukafunse anamwino. Ena amati uzidula mkodzo pakati uli kuchimbudzi. Zimenezo usazizolowere, chifukwa chikhodzodzo chimayamba kusiya mkodzo wina m'kati.

Vuto la masewera amenewa ndi kuiwala. Ndiye uwamangirire pa bere: mwana akayamba kuyamwa m'mawa, masana ndi madzulo, nawe yamba. Palibe akuona. Komanso phunzira kugwira chiyetsemulo chisanatuluke, chifuwa chisanaphulike, kapena usanatukule ndowa. Kameneka kokha kangakubwezere kukwaya msanga kuposa momwe ukuganizira. Koma usayembekezere zodabwitsa sabata yamawa. Achipatala amati miyezi itatu osadumphitsa ndiye muone kusintha kwenikweni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za madzi wandikhumudwitsa. Ukuyamwitsa, iwe, ndiye ukudzimana madzi? Mkodzo wa munthu wosamwa madzi umakhala wochepa koma waukali: umanunkha kwambiri, umanyerenyetsa chikhodzodzo, ndipo umaitana matenda. Pamwamba apo udzimbidwa, ndipo kukankha kuchimbudzi kumakhwefulanso minofu yomwe ija. Imwa madzi mpaka mkodzo uziyera. Chochepetsa ndi tiyi wakuda bii, khofi ndi kokakola. Idya nsima ya mgaiwa, nkhwani, bonongwe, nyemba ndi mapapaya kuti m'mimba muziyenda. Ngati umaphikira m'kakhitchini kotseka ndipo utsi ukukutsokomoletsa, tulutsa mbaula panja, ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri kapimitse. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu pako, ndipo kulemera konseko kumathera pansi paja. Kwa miyezi ingapo tunga theka, kapena atunge wina.

Mankhwala a mnzakowo akane. Zoika kumusi, kaya ndi mizu yosinja, kaya ndi timiyala togula pamsika, zimangoumitsa ndi kutupitsa khungu la m'kati. Munthu amamva ngati pathina, koma minofu ili chikhwefukire. Zimasiya tizilonda tolowera matenda, ndiponso mkodzo uli ndi kanjira kakekake, kosiyana ndi komwe akuikako mankhwalawo. Pamene ukudikira kuti minofu ibwerere, vala padi kapena kansalu koyera, usinthe kakanyowa, uchape ndi kuyanika padzuwa. Samba ndi madzi okha, ndipo m'mphechepeche mukayamba kusupuka pakamo mafuta a vaselini.

Pali kudontha kwina kosafanana ndi kwako. Wina mkodzo umangomutsina mwadzidzidzi, athamange, koma chitseko cha chimbudzi asanatsegule zatha kale. Zikabwera ndi kuwotcha pokodza, kupweteka pachinena kapena kutentha thupi, kawirikawiri ndi matenda a m'chikhodzodzo, ofuna kupima mkodzo ndi kumwa mankhwala. Mkodzo wamagazi kwa munthu wosamba kunyanja kapena mu Shire ungakhale likodzo. Ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse, kapimitse shuga. Ukamva kulemera kumusi ngati chinthu chikufuna kutuluka, usachikankhire m'kati mwakachetechete, kaonetse.

Koma pali mtundu umodzi umene ndikufuna aliyense wowerenga aumve bwino, chifukwa alipo atsikana amene sangathe kundilembera. Mayi amene mkodzo ukungoyenda usana ndi usiku, atagona kapena ataima, osatsokomola, osamva n'komwe kuti akufuna kukodza, ameneyo minofu si vuto lake. Kawirikawiri imeneyo ndi fisitula. Imabwera matenda a pobereka akatenga masiku awiri kapena atatu mwana osatuluka. Mutu wa mwana umapanikiza mnofu pafupa, magazi amaleka kufikapo, mnofuwo umafa, ndipo pakapita masiku ochepa pamabooka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Nthawi zambiri mwanayonso amakhala atapita padera. Nthawi zina bowolo limabwera pambuyo pa opaleshoni. Limeneli silitsekeka ndi masewera kapena ndi mizu. Likakhala latsopano ndi laling'ono, kapaipi ka mkodzo kamene amaika achipatala kamatha kulithandiza kupola, n'chifukwa chake kufulumira n'kofunika. Likakhala lakale, amasoka, ndipo ambiri amachira ngakhale atakhala nalo zaka. Ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe kuli malo apadera osamalira amayi a fisitula, othandizidwa ndi bungwe la Freedom from Fistula, ndipo chithandizo chake ndi chaulere. Chipatala cha boma cha m'dera lanu chingakulozereni njira.

Apa ife akuluakulu tili ndi mlandu. Ndinakhalapo m'nyumba mtsikana akubuula tsiku lachiwiri, ife titamuzungulira n'kumati ndi mapinga, aulule amuna amene anayenda nawo kuti njira itseguke. Anatchula maina a anthu osalakwa kuti timusiye. Njira sinatseguke, chifukwa chiuno chake chinali chisanakhwime, anali mwana. Pamene tinkafuna ngolo yopita naye kuchipatala, dzuwa linali litalowa kachiwiri. Anapulumuka, koma khanda ayi, ndipo anakhala zaka akugona m'kanyumba kayekha chifukwa cha fungo. Nkhope yake sindiiwala. Pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, anzanga ena anadandaula kuti mwambo waphedwa. Ine sindinadandaule nawo.

Tibwerere kwa apongozi ako. Usawayankhe mwamwano, ndipo chikuta usachinyoze. Mwambo uja unali ndi nzeru yake: mayi wongochira kumene ankakhala m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, osasinja, osatunga, ena akumuphikira ndi kumuthowa. Kupuma kumeneko thupi limakufuna, ndipo inu a m'tauni mumadzuka tsiku lachitatu kukagulitsa kaunjika. Koma kudontha mkodzo si chilango cha mwambo wolumphidwa. Ine chikuta ndinasunga chonse, mchere sindinathire mpaka mwana atatengedwa, koma chimtali chija chinandiyalutsabe. Uwapeze ali okha, uwagwadire monga mwa ulemu wathu, unene kuti, "Amayi, ndithandizeni nzeru, kodi inu mutabereka zoterezi simunazionepo?" Mayi wobereka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndikukayika ngati angakuyang'ane m'maso n'kukana.

Bambo a mwana auze. Panopa akungoona mkazi wosaseka, wokana kuyenda nawo, wotembenukira kukhoma, ndipo mwamuna akapanda kuuzidwa amadzipangira yekha nkhani, nthawi zambiri yoipa kuposa yeniyeniyo. Usachite kukonza msonkhano. Mwana akagona, ungoti, "Bambo a ujeni, kubereka kuja kunandisiyira kavuto, achipatala akuti kamatha, koma ndikufuna mundithandize." Ngati kudonthako kumachitikanso muli awiri, kodza kaye musanagone, uyale kansalu, nkhani yatha. Ndipo inu azibambo amene mukuwerenga mobera, mwana amene mukumunyadira pa Facebook uja anadutsa penapake. Nyamulani ndowa.

Tsiku la sikelo likubwerali, akamaliza kumuyeza mwana usamange chitenje n'kuthawa. Dikira anthu achepe, uwayandikire anamwino, unene mosazungulira kuti, "Chiberekereni ndikudontha mkodzo ndikatsokomola, ndipimeni." Usati "m'thupi simukundikomera", angokupatsa panado. Apemphe apime mkodzo, akuone ngati unapola bwino, ndipo akuuze ngati ukugwira minofu yoyenera. Ikatha miyezi itatu ukulimbikira koma osaona kusintha, pempha kalata yokaonana ndi a mafizo, akatswiri a zolimbitsa minofu, kapena dokotala wa amayi ku chipatala cha Gulupu, pakuti iwe uli pafupi. Kumeneko kuli njira zina zoposa zimene gogo angakuuze.

Lamulungu lino pita kukwaya. Kodza usananyamuke, vala padi, uime kumapeto kwa mzere kufupi ndi khomo. Nyimbo ikafika pokweza mawu, gwira kaye kenako kweza. Ukandilemberenso mwana akayamba kukwawa, undiuze kuti powerenga paja wafika pa ngati.