Tsiku limene ndinachotsa ntchito bambo wophika

Mayi wina woyang'anira shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe wandilembera imelo. Eni shopu amuuza kuti pakutha pa mwezi achotse mmodzi mwa antchito ake chifukwa malonda sakuyenda. Akuti tulo sakuliona, ndipo akufunsa ngati zimenezi zikusonyeza kuti ubwana sakuutha.

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu, ndipo yandibwezera ku 2020.

Chaka chimenecho ndinkayang'anira kamalo kogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Covid-19 itavuta, ndege zonyamula anthu zinaleka kutera kuyambira pa 1 Epulo, alendo n'kuphwa ngati madzi a m'dambo nthawi ya chilimwe. Mwezi woyamba tinapirira. Wachiwiri tinayamba kusinthana masiku obwera kuntchito. Wachitatu mwini malo anandiimbira foni ali ku Lilongwe, akuti tichepetse anthu, ndipo tiyambire wophika wamkulu poti ndiye ankalandira zambiri kukhitchini.

Bambowo anali a msinkhu wa bambo anga. Ine pobwera pamalopo ndinawapeza. Ndiwo anandiphunzitsa kuzindikira chambo chogona pongoyang'ana maso ake, kuti asodzi asandipusitse. Mayi anga atamwalira anakwera minibasi mpaka kwathu ku Ntcheu, n'kuchezera nafe pa siwa usiku wonse. Pamaso pa alendo ankati "abwana", tikatsala awiri ankati "mwana wanga".

Kalata yawo inakhala m'dirowa masiku asanu ndi anayi. Kukhitchini ndinaleka kulowa. Akandibweretsera tiyi mmawa ndinkayang'ana pa kompyuta ngati ndatanganidwa. Kunyumba ana ndinkawakalipira popanda chifukwa, nsima inkandikanika kumeza. Ndinafika poganiza zoisiya kalatayo kwa mlonda kuti awapatse ine nditapita ku boma kukagula katundu. Akazi anga ndiwo anandiletsa. Anangondifunsa kuti, "Munthu anakugonerani pa maliro, inu mumutsanzike kudzera mwa mlonda?"

Ndinawaitanira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini. Anavula chipewa, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndamva abwana. Koma mwana uja ali Fomu 4." Pamenepo ine ndinayamba kulira. Ndipo iwowo, amene ntchito inali itangowathera, ndi amene anandigwira paphewa n'kumati, "Musalire mwana wanga, si inu."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenechi. Nthawi ija inali yawo, yoti akwiye, afunse, mwina andinyoze kumene. Ine ndinawalanda, n'kuwasenzetsa chisoni changa pamwamba pa katundu amene ndinali nditangowaika pamutu. Anapita kwawo atatonthoza munthu amene wawachotsa ntchito.

Tsono achemwali, kusowa tulo kwanuko sikukusonyeza kulephera. Kuno kwathu malipiro a munthu mmodzi amadyetsa nyumba zingapo, fizi ya adzukulu, feteleza wa makolo kumudzi, mankhwala a m'bale wodwala. Boma lilibe ndalama imene limapereka mwezi ndi mwezi kwa munthu amene ntchito yamuthera. Inu mukudziwa kuti kalata imeneyo ikagwedeza anthu amene simunawaonepo, n'chifukwa chake mtima ukukana. Bwana amene amachotsa anthu n'kukadya bwinobwino masana omwewo ndi amene ine ndimamuopa.

Koma ndinene mosabisa za eni mabizinezi. Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense woitanitsa malata, penti ndi mapaipi kunja anamva kuwawa, ndipo ndalama zakunja zikusowabe. Sindikutsutsa. Chimene ndimakana n'choti mwini chuma agamule pa foni, dzina asankhe yekha, kenako atume wina kukayang'anizana ndi munthuyo. Phindu likabwera ndi lake, misozi ikabwera ndi ya manijala. Ndipo manijala ndiye amatsala m'dera lomwelo. Mudzakumana naye munthuyo mumsika wa Limbe, pa depoti, kutchalitchi, pa maliro. Ine kwa miyezi ingapo ndinkapewa njira yodutsa kwawo kwa bambo aja, ngakhale inali yachidule. Antchito otsala nawonso anasintha. Ndikalowa, nkhani inkatha. Zimenezo palibe anandichenjeza.

Zoti muchite

Muuzeni nokha, pamaso, pamalo poduka mphepo, ndipo nkhaniyo ituluke m'mawu anu oyambirira. Musayambe ndi kufunsa za kunyumba. Musanamuitane, mutu wa ndalama zake ukhale utawerengedwa kale. Lamulo la Employment Act la 2000, monga linakonzedwa mu 2010, limati wochotsedwa chifukwa cha kuchepa kwa ntchito alandire severance: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi anayi kupitirira apo. Wolandira pamwezi amafunika notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mweziwo, kuphatikizapo masiku ake a tchuthi amene sanapume. Eni shopu akafuna kuzemba, akumbutseni kuti kuli ofesi ya Labour ndi Industrial Relations Court. Mulembereni kalata ya umboni yabwino, muimbire anzanu a mashopu ena. Misozi yanu mukaikhetsere kunyumba.

Malo aja atayambanso kulandira alendo ndinapempha kuti bambo aja abwerere. Mwini malo anakana, analemba mnyamata wa malipiro ochepa. Mwana wa bambo aja analemba mayeso a MSCE, fizi yomaliza tinasonkherana ine ndi antchito anzathu atatu. Bambowo pano amakazinga tchipisi pa msewu wa ku Monkey Bay, ndipo ndikaima pamenepo amakana kulandira ndalama yanga.