Apolisi akuti "palibe pamiti": kodi tingagube kapena ayi?

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mukuti inu ndi anzanu a ku Kanyama muno mu Lusaka mwatopa ndi madzi olowa m'nyumba dzinja lililonse, ndipo mukufuna kuyenda pagulu kukatula chikalata cha madandaulo ku ofesi ya phungu wanu. Mutapita kupolisi, wapakauntala anangokuuzani pakamwa kuti bwana sanapereke pamiti. Ndiye mukufunsa ngati mungagube ndithu, chimene chingakuchitikireni akakugwirani, komanso ngati anthu angachotse phungu nthawi yake isanakwane.

Tiyambe ndi pamitiyo. M'malamulo a Zambia mulibenso pamiti ya msonkhano kapena ya zionetsero. Inalimo kale, mu Public Order Act, lamulo limene atsamunda anakhazikitsa mu 1955. Koma mu 1996 Khoti la Supreme, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake asanu ndi awiri, linafafaniza gawo lofuna pamitilo chifukwa linkasemphana ndi ndime 20 ndi 21 za malamulo oyendetsera dziko, zimene zimapatsa munthu ufulu wolankhula ndi wosonkhana. Oweruza anaona kuti ufulu umene umadalira mtima wa wapolisi mmodzi, wopanda malire omuuza pokanira ndi povomera, suli ufulu ayi. Mmodzi mwa oimbidwa mlanduwo anali Kenneth Kaunda, amene boma lake linagwiritsa ntchito lamulo lomwelo kwa zaka 27. Mu 1996 momwemo Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli, ndipo chimene likufuna kwa inu tsopano ndi kudziwitsa apolisi pasadakhale masiku osachepera 7.

Kudziwitsako kukhale kolemba, ndipo apa ndi pamene magulu ambiri amagwa. Inu munapita pakamwa, nawonso anakuyankhani pakamwa, choncho pamaso pa khoti palibe chimene chinachitika. Lemberani mkulu wa apolisi woyang'anira dera lanu. Ngati ali ndi fomu yawo, ilembeninso koma kalata yanu ikhalepo. M'menemo mutchule tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera, malo osonkhanirana, misewu imene mudzadutse, kumene mukathere, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekezera, ndi mayina ndi manambala a foni a okonza. Lamulo limafunanso kuti mulonjeze kuti mudzasunga bata ndi kuti mudzakhala ndi anthu anu okwanira olondolera gulu mogwirizana ndi apolisi. Tengani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsikulo, ndipo amene walandira alembepo dzina ndi udindo wake. Akakana kudinda, lembani nokha nthawi ndi dzina lake muli pomwepo, mboni ikuona. Kenaka ijambuleni pa foni, chifukwa pepala limanyowa, limasowa, ndipo tsiku la chipwirikiti limatha kung'ambidwa m'manja mwanu.

Musayembekezere kuti masiku atsale 7 enieni. Perekani kalata kukadali masabata awiri kapena atatu, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Apolisi akaona kuti sangathe kuyang'anira zionetsero zanu, lamulo likuti akulembereni zifukwa zawo kusanatsale masiku ochepera 5, ndipo akupatseni tsiku lina ndi nthawi ina. Onani bwino: zifukwa zolembedwa, ndi tsiku lina. Kungoti "zinthu sizili bwino" osatchula tsiku lina n'kusatsata lamulo. Zifukwazo zikapanda kukukhutiritsani, mumachita apilo kwa Nduna ya za m'dziko, imene iyenera kukuyankhani molemba m'masiku 5. Nayonso ikakana, muli ndi masiku 30 opitira ku Khoti Lalikulu. Mukawerengetsa muona kuti amene anapereka kalata kutatsala sabata imodzi yokha, tsiku lake limadutsa apilo ikadali pa tebulo la Nduna.

Akakulemberani kalata yokana, musagube. Ndikudziwa kuti izi zimawawa, makamaka pamene mukuona magulu ena akudzaza msewu popanda wowafunsa. Koma lamulo likunena poyera kuti apolisi akalemba kuti sangathe, msonkhanowo usachitike, ndipo mukaumirira mwawapatsa mlandu umene analibe. Komanso si kukana kulikonse kumene kuli kwa nkhanza. Ndime 21 imalola malire pa zifukwa za chitetezo, bata ndi umoyo wa anthu. Mukukumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018, pamene boma linaletsa misonkhano ndipo ku Kanyama kwanuko anthu ankaletsedwa kuyenda usiku. Madzi osefukira ndi kolera zimayendera limodzi, choncho mukasankha January kapena February mwasankha nyengo imene chifukwa cha umoyo chimamveka mosavuta kukhoti. Nkhani ya ngalande ndi bwino kuigubira mvula isanayambe, pamenenso ngalandezo zingakumbidwe.

Chovuta kwenikweni ndi pamene mwapereka kalata bwinobwino, iwo n'kukhala chete kapena n'kukana pakamwa. Zotere zinachitikira madokotala a bungwe la Resident Doctors Association mu 2000 muno mu Lusaka. Anadziwitsa apolisi, anakanizidwa popanda kutsata njira ya lamulo, anaguba, n'kumangidwa. Mu 2003 Khoti la Supreme linagamula kuti apolisi ndiwo anaphwanya ufulu wawo, ndipo boma linalamulidwa kulipira chipukuta misozi. Ndiye pa lamulo mungakhale kumbali yabwino. Koma chigamulocho chinabwera patatha zaka zitatu, pamene utsi wokhetsa misozi umabwera m'mawa womwewo, ndipo m'gulu lanu mudzakhala agogo ndi amayi obereka ana kumbuyo. Ine ndingakulangizeni kulemba kalata yachiwiri yowakumbutsa kuti masiku 5 akuyandikira ndipo simunalandire yankho lolembedwa, kope mupereke kwa mkulu wa apolisi wa chigawo cha Lusaka ndi ku Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu. Nthawi zambiri wapolisi akaona kuti akuluakulu ake alandira kope, amayankha.

Mudzamvanso za Public Gathering Bill, imene yakhala ikukambidwa kuti ilowe m'malo mwa lamulo lakaleli. Bilu siyamba kugwira ntchito ngati lamulo isanalengezedwe mu Gazette, nyuzipepala ya boma, choncho tsiku lolemba kalata funsani loya kapena a Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu pa za malamulo, ngati masiku owerengera ndi omwewa.

Tsiku logubalo, olondolera gulu avale chinthu chowazindikiritsa, ndipo tsatirani msewu umene munalemba. Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, imati anthu atatu kapena kuposerapo akasonkhana n'kumachita zinthu zopangitsa anthu apafupi kuopa kuti mtendere usokonekera, msonkhanowo ndi wosaloleka, ngakhale unayamba bwino. Mnyamata mmodzi woledzera akaponya mwala pa minibasi, chidindo chanu chija sichikutetezaninso mokwanira. Makada a chipani chilichonse akabwera ndi zovala zawo ndi nyimbo zawo, apempheni apatuke, apo ayi uzani wapolisi amene akutsogolera kuti si anthu anu. Ndipo pewani Lachisanu: womangidwa Lachisanu amaonana ndi majisitireti Lolemba.

Wina akagwidwa, asalimbane nawo. Afunse mlandu umene akumugwirira, pakuti ndime 13 ya malamulo oyendetsera dziko imati auzidwe m'chilankhulo chimene akumva. Apereke dzina ndi kumene amakhala, koma sakakamizidwa kufotokoza za mlanduwo, ndipo asasaine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chinyanja. Gawo 33 la Criminal Procedure Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, limafuna kuti munthu womangidwa popanda waranti, ngati sangafikitsidwe kukhoti m'maola 24 ndipo mlandu wake si waukulu, atulutsidwe pa bondi. Bondi ya kupolisi ndi yaulere. Wokupemphani ndalama akupempha chiphuphu. Chimene chimachedwetsa anthu ndi omuimirira, choncho konzeranitu anthu awiri kapena atatu okhala ndi chitupa cha NRC, malo okhala odziwika, ndi kalata ya kuntchito kapena ya kutchalitchi, ndipo iwowo asagube nawo, akhale kunyumba foni ili yoyatsa. Masiku akamapita munthu osatulutsidwa kapena kutengeredwa kukhoti, loya angapemphe Khoti Lalikulu kuti lilamule apolisi abwere naye. Madandaulo ophwanyiridwa ufulu amapitanso ku Khoti Lalikulu pansi pa ndime 28 ya malamulo oyendetsera dziko. Ambiri amathamangira ku Constitutional Court poganiza kuti ndi kumene nkhani za ufulu zimakambidwa, n'kubwezedwa atataya nthawi ndi ndalama. Khalidwe loipa la wapolisi mungakalinenenso ku Police Public Complaints Commission.

Za kuchotsa phungu, yankho ndi lalifupi: malamulo athu sapatsa ovota mphamvu imeneyo. Mpando umakhala wopanda munthu pa zifukwa monga imfa, kutula pansi udindo, kusiya chipani chimene chinamuimika, kapena khoti kufafaniza chisankho. Masaini ngakhale atachuluka bwanji samuchotsa. Komanso ngalande za m'komboni kwenikweni ndi ntchito ya khonsolo, ndipo mapulojekiti a CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, amayambira ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Chikalata chomwecho chipiteso kwa khansala ndi ku komitiyo, chitchule misewu imene imasefukira ndi dzina lake, ndipo kulikonse kumene mwachisiya akudindireni kope lanu.