Amene akukazinga mandasiwo ali ndi zaka 12

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bangwe. Bambo a kunyumba ntchito inawathera chaka chatha ku Limbe. Chichokereni kumeneko safunanso ntchito ina, ngakhale ganyu amakana. Akuti Mulungu anawauza kuti adikire, ndiye masiku ambiri amakhala kuphiri, kusala kudya. Lendi sitinalipire miyezi iwiri. Tikungodya ndi chisomo cha Mulungu basi, kudzera m'timandasi timene kamwana ka achemwali anga, ka zaka 12, kamene ndinakatenga kumudzi, kamakazinga m'mamawa n'kukagulitsa kumsika. Ine ndine wa Mvano, sindifuna kuderera chikhulupiriro cha amuna anga. Kodi ndikawauza kuti akasake ntchito ndiye kuti ndakayikira chisomo?

Mayi wothedwa nzeru, Bangwe

Amayi,

Za bambowo sindichedwapo. Auzeni, ndipo simulakwa. Paulo, amene anatiphunzitsa zambiri za chisomo, ankasoka mahema ku Korinto, ndipo pa 2 Atesalonika 3:10 ananena mosapsatira kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Akakana kumva, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mkulu wa mpingo mukambirane. Kusala kudya kwa munthu mmodzi kusagoneke nyumba yonse ndi njala.

Koma ine maso anga akungobwerera pa mwana uja. Mwamutchula mongodutsa, pakati pa lendi ndi Mvano, ngati ndi mmodzi mwa ziwiya za pakhomo. Za sukulu yake simunanenepo kanthu. Mwana wodzuka m'bandakucha kukoleza mbaula, kukanda ufa, kuima pambali pa mafuta owira amene amathethekera m'manja, kenako n'kusenza chidebe kukakhala nacho kumsika mpaka dzuwa kupendeka, m'kalasi amalowa nthawi yanji? Ndikukhulupirira kuti anu atatuwo yunifolomu amavala. Ndipo mukudziwa bwino, monga mayi, mtundu wa abambo amene amauza mtsikana wa msinkhu umenewu kuti agula chidebe chonse akawaperekeza.

Apa ndiye ndikudzudzuleni, amayi. Mukuti mukudya ndi chisomo, ndipo sindikutsutsa kuti Mulungu ndiye amadyetsa. Koma nsima ya pakhomo panu ikuchokera m'thukuta la mwana wa eni, amene achemwali anu anakupatsani poganiza kuti m'tauni akaphunzira. Tili ndi chizolowezi choipa ife Akhristu: wina akatisenzera katundu, timathamangira kutchalitchi kukachitira umboni kuti Ambuye atichitira zazikulu, wosenzayo osamuyang'ana n'komwe. Umboni wotere ine umandiwawa.

Kawerengeni Genesis 16. M'nyumba ya Abramu ndi Sarai munali lonjezo la Mulungu, munali chikhulupiriro chimene timachilalikira mpaka lero. Munalinso Hagara, mdzakazi wa ku Iguputo, amene anamugwiritsa ntchito pothetsa vuto lawo, kenako n'kumuzunza mpaka anathawira kuchipululu ali ndi pakati. Mngelo wa Yehova anamupeza iyeyo pa kasupe, n'kumuitana ndi dzina lake. Ndipo ndi Hagara amene anatcha Mulungu kuti ndi Mulungu womuona. Mulungu yemweyo akaloza pakhomo panu m'mawa, amaona amene wagwada pamphasa kupemphera, amaonanso amene wagwada pa mbaula.

Kudalira chisomo tsiku ndi tsiku ndimakukhulupirira ndi mtima wonse. Munthu amene wazindikira kuti mpweya, chikhululukiro ndi chakudya cha lero wazilandira osaziyenera, manja ake amafewa pa ofooka amene ali pansi pake. Nchifukwa chake Aefeso 2 ikangonena kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo osati ndi ntchito, vesi 10 ikupitiriza kuti tinalengedwera ntchito zabwino. Ntchito yabwino imene ili pafupi nanu kwambiri imagona pansi m'chipinda cha ana anu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Uyu ndi wa m'bale wanu weniweni.

Fizi ya kupulayimale boma linachotsa mu 1994, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lolemba likubwerali mutengeni kwa ahedi a sukulu imene kumapita ana anu, mufunse zofunika kuti amulembe. Mandasi muzikazinga ndinu, chidebe muzisenza ndinu kapena bambowo akatsika kuphiri. Lachinayi ku Mvano musangopempha mapemphero a ntchito ya amuna anu. Auzeni amayi anzanu kuti pakufunika yunifolomu, makope ndi nsapato. Ngati mukuona kuti simungathe kumusunga ali pasukulu, imbirani achemwali anu sabata ino muwauze zoona zake za mmene mwana wawo akukhalira, asankhe okha chochita.

Azakhali