Khanda la milungu itatu, MSCE yatsala miyezi iwiri: ndiwerenge bwanji?

Mayi wina wa ku Linthipe, m'boma la Dedza, watilembera imelo. Ali ndi khanda la milungu itatu, akuyembekezera kulemba MSCE pakatha miyezi iwiri. Akuti akatsegula buku mwana amalira, mwana akagona nayenso tulo timamugwira, ndipo apongozi akumuuza kuti adikire chaka chamawa. Akufunsa ngati n'zotheka.

Achemwali, n'zotheka, koma ndandanda ija munkatsatira musanachire, ya kuwerenga maola atatu osadzuka, isiyeni. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, ndipo kawirikawiri siligona kupitirira maola awiri kapena atatu nthawi imodzi. Choncho wotchi yanu ndi bere. Mwana akayamwa n'kukhuta, mumugeyetse, mumugoneke chagada, ndipo pomwepo tsegulani buku. Mphindi 30 kapena 40 zakwana. Mukapeza mipata inayi yotere patsiku, mwawerenga maola awiri kapena kuposerapo. Chimawononga mpatawu n'chakuti mayi amayamba wachapa matewera, wasesa, wateleka ndiwo. Pokhala pansi mwana wadzuka. Buku, kope ndi cholembera zizikhala m'jumbo limodzi pafupi ndi pogona, tsamba loyambira mutalipinda kale.

M'mphindi zochepazo musamawerenge notsi kuchokera koyamba. Tengani mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo, yankhani funso limodzi buku lili chotseka, kenako onani pomwe mwaphonya. Chingerezi chisakusoweni tsiku lililonse, chifukwa mukachilephera satifiketi palibe, ndipo mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezicho. Masamu muziwagwira m'mawa mutu uli wopepuka. Zoloweza monga za Biology ndi Agriculture zijambuleni pafoni ndi mawu anu, muzimvetsera mukuyamwitsa.

Tulo musalimbane nato. Mpata umodzi wamasana ukhale wogona inuyo; zowerenga mutu ukuwodzera sizikhazikika. Khofi kapena tiyi wamphamvu asapitirire makapu awiri, amadutsira mumkaka mwana n'kumavutika kugona.

Apongozi musakangane nawo, apempheni chinthu chodziwika: "Amayi, mundigwirireko mwana kuyambira 9 koloko mpaka 11." Pempho lotere limamveka kusiyana n'kungoti mundithandize. Bambo a mwana atenge madzi, nkhuni ndi matewera.

Pali nkhani imodzi yomwe tikufuna muimvetsetse, poti Juni ndi Julayi wa ku Dedza mumamudziwa. Musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti muwerenge mukuotha. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, suoneka, ndipo khanda limayamba kugonja inu musanamve n'komwe mutu. Koloboyi nayenso utsi wake umapweteka chifuwa cha mwana. Tochi ya sola ndi yabwino. Mwana akazizidwa, mvekeni chipewa ndi masokosi, mum'khazike pachifuwa panu khungu kukhungu, mufunde nsalu. Koma tulo tikayamba kukugwirani muli pampando, mugonekeni.

Za tsiku la mayeso yambani kuyeserera kutatsala milungu iwiri. Sambani m'manja ndi sopo, finyirani mkaka m'kapu yowiritsidwa yokhala ndi chivundikiro, kusinthasintha mabere kwa mphindi 20 mpaka 30. Mwana wa miyezi iwiri kapena itatu amamwa pafupifupi mamililita 90 mpaka 120 nthawi imodzi. Popanda filiji mkakawo uzimwedwa pasanathe maola anayi. Osauwiritsa, ikani kapuyo m'mbale ya madzi ofunda. Womulera aphunzire kumwetsa ndi kapu yaing'ono pang'onopang'ono, mwana atamukhazika tsonga, osamutsanulira m'kamwa. Mukadikira tsiku lomwelo, mwana amakana, womulera n'kuthamangira madzi kapena phala, zomwe siziyenera miyezi isanu ndi umodzi isanakwane. Tsiku lokhala ndi mapepala awiri, womulerayo adikire pafupi ndi sukulu kuti muyamwitse pa nthawi yopuma. Mukadumphitsa, bere limatupa n'kuwawa pepala lili pakati. Auzirenitu ahedi za dongosololi.

Onaninso buku la kusikelo. Katemera amabwera pa milungu 6, 10 ndi 14, ndipo wa milungu 14 akhoza kugwera mkati mwa mayeso anu. Ana ena amatentha thupi usiku wa katemera, choncho kambiranani ndi azaumoyo za tsiku limene m'mawa mwake mulibe pepala.

Buku litsekeni, thamangirani kuchipatala, mwana akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mofulumira nthiti zikulowa mkati, akachita chikasu m'maso, akakomoka, kapena pamchombo pakatuluka mafinya. Inunso chimodzimodzi mukamataya magazi ambiri, bere likafiira thupi likutentha, kapena mukatha milungu yoposa iwiri mtima uli wosweka, mukungolira.