Mliri ukabuka, ogona m'makonde tiziwathandiza bwanji?

Funso: Zikomo Achemwali. Ife amayi a mpingo timaphikira phala anyamata ogona m'makonde a masitolo ku Limbe. Nthawi ya Covid-19 tinasiya chifukwa cha mantha, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mliri wina ukadzabwera tidzatani? — Mayi wa ku Bangwe

Yankho: Mayi anga, musadzasiyenso. Njala sidikira kuti mliri uthe.

Chimene ndimakana ine n'kuwaunjika pamodzi. Mu 2020 akuluakulu a mzinda wa Cape Town ku South Africa anatengera anthu osowa pokhala ku dera lina la mzindawo lotchedwa Strandfontein, n'kuwagoneka ambirimbiri m'matenti akuluakulu. Madokotala a bungwe lothandiza odwala la MSF (Doctors Without Borders) anadandaula kuti matenda angafale mosavuta, ndipo malowo anatsekedwa pasanathe miyezi iwiri. Ku England anthu osowa pokhala anawapatsa zipinda m'mahotela, aliyense chake, ndipo zinathandiza.

Mahotela ife tilibe, koma chidebe chokhala ndi kampopi ndi sopo tingakwanitse. Gawirani phala panja, kagulu kochepa nthawi imodzi, aliyense ndi kapu yakeyake. Wotsokomola musamuthamangitse, mupite naye kuchipatala. Ndipo mufunseni mwakachetechete amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB ngati adakali nawo, poti mwana woopa apolisi amabisala n'kusiya kukatenga.