Za chipinda chija mwafunsa, asuweni

Eee, asuweni, mwaswera? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti chaka chija munkakhala kwa azakhali munkagona chipinda chiti. Anthu angowerenga n'kukhala duu, ndiye ndati ndingojambula mawu. Chipinda chake... chakumapeto chija cha zenera losweka. Ayi, dikirani, mmenemo munkakhala matumba a chimanga. Inu munkagona nafe pabalaza, pamphasa, mukutilanda bulangete usiku onse, mpaka lero simunapepese.

Koma si chipinda chimene mukufuna inu. Ndimakudziwani.

Mukuwakumbukira amalume ndi nkhani yawo ya Napolo wa ku Phalombe, wa 1991? Amati madzi anawafika m'chifuwa, miyala ikugubuduzika kuchokera m'phiri la Michesi, iwo atagwira mtengo wa mango ndi dzanja limodzi, lina atanyamula mbuzi. Akafika pa mbuzipo mawu amanjenjemera, misozi mbwee. Tonse tinakula tikudziwa choncho. Ndiye tsiku lina agogo akusenda chinangwa anangoti, "Ameneyu nthawi imeneyo anali ku Limbe, anabwera patatha sabata." Amalume anakwiya, nsima sanadye! Wa mbuziyo anali mnzawo wina, anawafotokozera pamaliro. Amalume anaibwereza, anaibwereza, anthu akufunsa "ndiye munatani?", mpaka inasanduka yawo. Sankanama ayi, mundimvetse. Amaziona ndithu m'mutu mwawo.

Ndiye... mmm, ndiyambire pati. Munandiuza kuti wopereka uphungu wanu ku Leeds, ku England kuja, amati mutseke maso, muyerekeze muli m'nyumba ya azakhali, kenako amafunsa kuti "ndani walowa?" Ndipo akuti kusowa tulo kwanuko ndi chizindikiro choti pali chinachake chimene munachikwirira. Pamenepo mtima wanga unagunda.

Tili ku sukulu ya unamwino tinawerenga za mayi wina wa ku America, Elizabeth Loftus. Mu 1995 anatenga anthu 24, aliyense n'kumupatsa nkhani zinayi za ubwana wake, zitatu zoona zochokera kwa abale, imodzi yopeka, yoti anasochera m'sitolo yaikulu ali ndi zaka 5. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anayamba kuikumbukira yopekayo. Ku California bambo wina, Gary Ramona, mu 1994 anawina mlandu, madola 500,000, khoti litaona kuti opereka uphungu analimbikitsa mwana wake kukhulupirira kuti bambo akewo anamuchitira nkhanza, nkhani imene inatulukira m'chipinda cha uphungu momwemo.

Sindikunena kuti palibe chinakuchitikirani, ayi, Mulungu akuona. Ana amachitiridwa zoipa m'makomo mwathu momwemu, ndipo ena amasunga pamtima zaka zambiri. Ngati chilipo, ine ndili pambuyo panu, kaya ndi ndani. Koma siyanitsani zimene munkazikumbukira nokha musanayambe uphunguwo ndi zimene zabwera atakufunsani. Tengani kope, zakale tsamba lake, zatsopano tsamba lake, ndi deti lomwe.

Ndipo opereka uphunguwo muwauze asiye zotsekereza maso zija, athandize za tulo ndi manthazo. Akakana, pezani wina, musachite manyazi, inu si munthu wamanyazi, bulangete lija ndi mboni.

Mwandimva? Zimene munapita nazo, ndi zimene mwazipeza kumeneko, musaziphatikize. Mundiimbire Loweruka ndikaweruka, tikambe awiri, osati pa gulupu.