Tinalumbira awiri, wosunga ndinali ndekha

Asisi, funso lanuli ndaliwerenga katatu mpaka tiyi wazizira m'kapu. Mukuti abambo amene mukufuna kumanga nawo banjawo akuti malumbiro a kutchalitchi ndi mawu chabe, mungopanga chinkhoswe basi? Mwinanso abambo anuwo ndi achilungamo kuposa anga aja, amene analumbira mokuwa mpaka tchalitchi chonse chinaseka, abusa nkuti bambo chepetsani, tamva.

Ine ukwati wanga ndinamangitsa m'tchalitchi 2012. Pamtendere ndi pamavuto, pakudwala ndi pamoyo wabwino, kufikira imfa itatilekanitsa. Ndinabwereza misozi ikutsika, ndipo ndinkatanthauza liwu lililonse.

Pakudwala paja panafika 2015, TB. Munthu anaonda mpaka nthiti kumawerengeka pamwamba pa malaya. Masabata atatu m'chipatala, mwezi wa June, ine ndikugona pasimenti pansi pa bedi lake, chitenje chimodzi choyala china chofunda. Mbandakucha ndili kokhala magadiyani kuphika phala pa mbaula yobwereka, kuchapa zomwe wasanzira, kukataya mkodzo, kumunyamula kupita naye kubafa. Abale ake anabwera kamodzi kokha, ndi botolo la Sobo, anaima pakhomo la wodi atagwira mphuno. Mankhwala a TB ndi miyezi 6 osadumphitsa, ndipo amafuna munthu azidya. Ndinagulitsa makina anga osokera kuti azipeza mazira ndi mkaka. Makina amene ankatidyetsa.

Atachira akuti ndikufuna ndikayese ku Joni. 2017 imeneyo. Ya pasipoti ndi ya basi ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, ndabweza ndekha. Chaka choyamba ankatumiza ndithu, kenako pa WhatsApp uthenga kumangowerengedwa osayankhidwa.

December 2019 anaimba kuti ndikufika pa 22. Amayi anzanga, ndinakolopa nyumba kawiri. Ndinapha tambala amene ndinkasungira Khirisimasi. Ana ndinawaveka zovala za kutchalitchi kuyambira m'mawa. Cha m'ma 4 galimoto yafika, ngolo ya katundu kumbuyo. Watsika iye, wanenepa, khungu see. Kenako chitseko china chatseguka, watsika mkazi, mimba ili apo ya miyezi ngati 7, atagwira m'chiuno. Apongozi anga, amene mwezi ndi mwezi ndinkawatumizira sopo ndi shuga, anayamba nthungululu pabwalo panga. Ankadziwa! Onse ankadziwa, wopusa ndinali ine. Mwana wanga wamkazi anandikoka chitenje nkundinong'oneza kuti amayi, anti awa agona kuti? Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatenga beseni ndi jagi, ndinagwada, ndinawasambitsa m'manja onse awiri. Tambala uja anadya iwowo, chiwindi ndi nthutumba anamuikira mkaziyo m'mbale. Mpaka lero ndikamva fungo la nkhuku ya lokolo ili pamoto m'mimba mumandipota.

Ankhoswe atakhala pansi, a kwawo akuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. A kwathu, malume anga enieni, maso pansi, akuti banja ndi kupirira. Akulu a mpingo anabwera awiri kudzandikumbutsa kuti mayi munalumbira kufikira imfa. Ndinawafunsa kuti kodi tsiku lija pa guwa ndinaima ndekha? Mawu oti kusiya ena onse anabwereza ndani, si iyeyu? Mmodzi anatsokomola, wina nkuti tiyeni tipemphere. Ndiye chimene chimandiwawa ndi chimenecho. Malumbiro timanena awiri, koma zikavuta amene amamutsegulira buku ndi mkazi. Mwamuna amangouzidwa kuti bambo mwalakwitsa pang'ono, muzikonda onse mofanana. Apongozi aja ndiye ndisayambe, anafika pondiuza kuti ndinamudwazika chifukwa ndinkafuna katundu. Katundu wake uti? Nthawi imeneyo tinali ndi matiresi amodzi ndi wailesi yakufa.

Ndinapita kukhoti la majisitireti. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene munali naye limodzi, komanso chithandizo cha iye ndi ana. Koma poloti tinalemba dzina lake lokha, poti ndinkati ndife thupi limodzi, ndiye ndinatuluka thukuta kufunafuna malisiti a simenti ndi malata m'zikwama zakale.

Tsono inu asisi, pa malamulo chinkhoswe ndi ukwati ndithu, lamulo la maukwati la 2015 limachizindikira, ngakhalenso anthu ongokhalira limodzi zaka 5 khoti likhoza kuwatenga ngati banja. Koma dziwani kuti ukwati wa mwambo sutseka khomo la mitala, wa kwa DC ndi umene umaletsa. Afunseni bwinobwino abambowo kuti chimene akuthawa pa guwa nchiyani, ndalama za phwando kapena mawuwo.

Ine ndikuti alumbire basi. Musalole, ayime pamaso pa anthu anene ndi pakamwa pake, mawu aja ndi olemera ndipo banja lopanda malumbiro ine sindiliwerengera. Mukalumbira musunge, akadwala mudwazikeni, ine sindinong'oneza bondo ngakhale usiku umodzi wa pasimenti paja. Kungoti poloti mulembetse mayina awiri, malisiti muzisunga kwa mayi anu, ndipo kaakaunti kanu ka Airtel Money asakadziwe. Makina osokera musagulitse zivute zitani. Ine ndinagula ena chaka chatha, akale, amadula ulusi pafupipafupi, ndipo pano ndili ndi mayunifolomu 14 oti ndimalize lisanafike Lolemba.